Asanu ndi Awiri

Tsambali ndinalitsegula Lachiwiri usiku,
manja ali mbuu ndi ufa wa tirigu,
foni nditaitsamiritsa pa thumba la mchere
m'chipinda chapansi chophikira buledi, kuno ku Tbilisi,
kumene zenera limangoona nsapato za anthu odutsa.

Nestani, mwana wa mlongo wanga, ndiye anali mphunzitsi:
"Malume, kanema azikhala wamfupi.
Muzimwetulira. Muziika kanyimbo kamene kali m'fasho.
Muziponya tsiku lililonse, ngakhale mutu ukuwawa."
Ndinagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu,
ine wa zaka makumi asanu ndi zinayi.

Sabata yoyamba, otsatira asanu ndi awiri.
Nestani. Mayi ake a Nestani.
Zaza wokonza matayala, amene sanandibwezerebe malari anga.
Azakhali a ku Kutaisi, amene anadina mwangozi
akufuna kuimbira dokotala wa mano.
Atatu enawo sindiwadziwa.
Mmodzi amagulitsa mankhwala omeretsa tsitsi.
Ndinasisita dazi langa nkuti: uyu yekha ndiye wandionadi.

Ndinayamba kudzidzimuka pakati pa tulo
kukasuzumira nambala ija
ngati kholo losuzumira mwana wotentha thupi.
Chala pansi, kagudumu zunguli zunguli,
asanu ndi awiri.
Mtanda umafufuma ukaupatsa msana.
Nambala ndinaipatsa msana, ndinaifunditsa nsalu,
ndinaiopseza, ndinainyengerera.
Asanu ndi awiri.

Kenako uthenga unagogoda:
otsatira chikwi, malari makumi awiri basi.
Nestani sindinamuuze.
Kutacha, khamu linali litadzaza pakhomo,
mayina a manambala, nkhope zopanda maso,
alendo chikwi osapereka moni,
osamva fungo, osapempha nkakhoko komwe.
Buledi wa tsikulo ndinapsereza ndili kalikiliki kuwawerenga.
Pofika Lamlungu onse anali atasungunuka
ngati chipale chofewa cha pa mlatho wa Mtkvari
dzuwa likachipeza.

Manyazi alibe mankhwala.
Kumwetulira kuja ndinakupachika pamsomali pamodzi ndi jekete.
Usiku wina, nditatopa, ndinaiwala kuika nyimbo.
Kanema anapita momwemo:
mwamuna wadazi atazyolika m'uvuni wadothi mpaka m'chiuno,
akumata mtanda pakhoma lamoto.
Pha.
Kupuma.
Pha.

Anaonera anthu makumi atatu ndi mmodzi.
Analemba mmodzi yekha, dzina lake Tsiala:

"Chonde musadzaikenso nyimbo.
Ndili ku Atene, ndimasamalira nkhalamba ya eni,
chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi.
Kanemayu ndamumvera kakhumi
foni ili pansi pa pilo kuti mayiwa asadzuke.
Kuseri kwa nyumba yathu kunali uvuni ngati wanuyo.
Sindimadziwa kuti chimene ndinasowa ndi phokoso."

Ndinalemba yankho, ndinafufuta.
Ndinalembanso lalitali, lokhala ndi mawu a m'mabuku, ndinafufuta.
Mtanda unali kusefukira m'beseni.
Pomaliza ndinatumiza mawu atatu:
mawa, folo koloko.

Tsopano foni ndimaiika pakamwa penipeni pa uvuni,
ngodya yake imodzi inachita kupindika ndi moto.
Nestani akuti tsamba langa ndi lakufa,
akuti makina osankha makanema sakonda anthu osalankhula.
Mwina akunena zoona, mwanayu anaphunzira.
Zaza sanabwezebe ndalama.
Azakhali anapeza podina nkundisiya, osatsazika,
ndiye Tsiala atalowa
nambala inabwerera pomwe inali.

Asanu ndi awiri.

Kunja kukadali mdima, basi yoyamba sinadutse.
Ndapukuta kagalasi ka foni ndi m'mphepete mwa epuloni,
ndadina kofiira,
ndazyolika.
Kwinakwake kutsidya la nyanja
wina wasendeza khutu pa pilo.

Pha.